Makilomita 42 opemphetsa chitupa

Ikamakwana hafu pasiti folo m'mawa ndimakhala nditamanga kale zingwe za nsapato zanga za pakaunjika, zimene kuno timati za m'mabhero. Ndimalowa msewu wafumbi wodutsa m'mafamu a pakati pa Banket ndi Trelawney, kuno ku Mashonaland West. M'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi mpweya umanunkha utsi wa mabalani owotchera fodya, ndipo anthu oyamba kukumana nawo amakhala azimayi a m'komboni amene akulawirira kokathyola fodya mame asanakamuke. Sabata yoyamba ankangondipatukira. Sabata yachiwiri mmodzi analephera kupirira, n'kufunsa m'Chichewa chathu chosakanikirana ndi Chishona: "Aphunzitsi, kodi mukuthawa ndani?" Anzake anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Ndinawayankha kuti palibe akundithamangitsa, ndikukonzekera marathoni. Ndili ndi zaka 43, mimba inayamba kale kunditsogolera, ndipo chibadwire sindinalowepo mpikisano wa liwiro. Mu Julayi ndikaima pamzere ku Victoria Falls, pampikisano umene unayamba mu 2006, n'kuyesa kumaliza makilomita 42 ndi mamita 195. Anzanga ndi achibale alonjeza ndalama pa kilomita iliyonse imene ndidzamalize, wina dola, wina theka la dola. Ndalamazo ndi zolipirira basi anthu a m'komboni imene ndinabadwira, kuti apite kukalembetsa zikalata za kubadwa ndi zitupa. Aliyense akamva amati ndikuchita bwino, Mulungu andidalitse. Mawu amenewo amandipweteka kuposa bondo langa lamanzere. Bambo wamkulu kumadzuka usiku, kumathamanga ngati waba nkhuku, kuti apemphetse ndalama zopezera chinthu chimene malamulo a dziko anapereka kale, n'zochititsa manyazi. Manyaziwo ali ndi eni ake, ndipo ndalemba izi kuti ndiwagawire aliyense gawo lake.

Amene anandiyambitsa zonsezi ndi mwana wa zaka 12, mdzukulu wa azakhali anga. Mtsikanayu ali ndi liwiro la gwape. Pasukulu yawo ya pafamu palibe amamupeza pa mamita 800, ngakhale anyamata. Chaka chatha, mipikisano ya teremu yoyamba itafika, anapambana pasukulu pawo, koma tsiku lokapikisana ndi masukulu ena anamusiya. Kumeneko amafuna chikalata cha kubadwa kuti atsimikize kuti mwana sanabe zaka, ndipo lamulo limenelo palokha silolakwika. Iye chikalatacho alibe chifukwa mayi ake alibe chitupa, ndipo mayi akewo alibe chifukwa azakhali nawonso alibe. Azakhali anabadwira m'nyumba yaudzu pafamu yomweyi mu 1963, mzamba ali mkazi wa kapitawo, ndipo sanapondepo kunja kwa Zimbabwe. Mibadwo itatu michombo yake inakwiriridwa m'dothi limeneli, koma m'mabuku a boma simupezamo ndi mmodzi yemwe. Ine ndinapulumukira kwa mayi anga, amene ndi Mzezuru wa ku Zvimba ndipo anali ndi mudzi, mfumu ndi mapepala. Kusiyana kwa ine ndi msuweni wanga ndi kokhako.

Amene sanayesepo amaganiza kuti n'kungopita ku ofesi, kutchula dzina, n'kubwerako ndi pepala. Kuti mwana alembedwe pamafunika umboni wa kuchipatala kumene anabadwira ndi chitupa cha mayi ake. Ngati anabadwira kunyumba, pamafunika mboni zimene zinalipo, ndipo mbonizo zikhale ndi zitupa. Ngati mayi alibe chitupa, ayambe walembedwa iyeyo, ndipo kuti alembedwe abweretse makolo ake, kapena zikalata za imfa yawo, kapena wachibale wa dzina lomwelo amene ali ndi mapepala. Agogo anga anaikidwa kuseri kwa damu la pafamu mu 1988 popanda wolemba chilichonse. Tinapitapo ndi azakhali ku ofesi ina kawiri. Ulendo woyamba anatibweza kuti tikatenge mboni. Ulendo wachiwiri mboni tinapita nayo, gogo wa zaka zoposa 80, koma chitupa chake chinali ndi chilembo A, ndipo amene anali pawindo anati umboni wake sukwanira. Pepala lenilenilo silidula kwenikweni. Chodula ndi basi ya anthu atatu kupita ndi kubwera, chakudya cha panjira, ndi tsiku limene wajomba kuntchito, poti munthu wa ganyu akajomba salandira kanthu. Ndi zimenezo zimene miyendo yanga ikupemphetsa.

Owerenga a ku Lilongwe kapena ku Chipata angafunse kuti anthu olankhula Chichewa anafika bwanji m'tchire la Mashonaland. Anabwera nawo ndi fodya. Mafamu a azungu a ku Southern Rhodesia ankasowa antchito, poti eni nthaka ambiri ankakana malipiro a pafamu. Tsono anthu ankatengedwa ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Ena anabwera kudzera kwa olemba ntchito amene kwathu ankatchedwa Mthandizi, ena anakwera malole a Ulere, ena anangoyenda pansi kuwoloka Zambezi. Agogo anga anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 kuti akapeze ndalama ya msonkho ndi njinga. Anati akhala zaka ziwiri. Anakwatira m'komboni, ana anabadwa, phoso la ufa ndi nyemba linali lokwanira kuti munthu asafe koma losakwanira kuti asunge ya ulendo, ndipo kumudzi anawatcha mtchona. Kuno ankatchedwa Mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, ngakhale kuti Blantyre sanamuonepo.

Anthu amenewa anagwetsa mitengo, kuzula zitsa, kumanga mabalani ndi madamu. Anabweretsa Gule Wamkulu, amene Ashona amati Zvigure, ndipo mpaka lero maliro a m'komboni zambiri satha popanda zilombo kutuluka kudambwe. Nyimbo za sungura zimene dziko lonse limavina zili ndi fungo la m'komboni: Alick Macheso, amene anabadwa mu 1968, anakulira m'mafamu a ku Shamva, bambo ake ali ochokera ku Malawi, ndipo mpaka lero amaimba ndi m'Chichewa momwe. Makolo ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame a zaka 70 ndi mame a mtundu wanji?

Ufulu utabwera mu 1980 ambiri anavota ndipo ankadziwerenga ngati nzika. Zinthu zinatembenuka mu Febuluwale 2000, pamene anthu anakana malamulo atsopano oyendetsera dziko pa riferendamu. Chipani cholamula chinaloza chala azungu a m'mafamu pamodzi ndi antchito awo. Minda inayamba kulandidwa, ndipo mu 2001 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la unzika: aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti akane unzika umenewo motsatira malamulo a dzikolo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Nthawiyo inatha mu Januwale 2002, chisankho cha pulezidenti chili mu Malichi. Taganizani munthu wa mu fodya ku Raffingora, wosadziwa kuwerenga, kupita ku ofesi ya kazembe ku Harare kukakana unzika wa Malawi umene sanakhalepo nawo. Anthu zikwizikwi anagona ali nzika n'kudzuka ali alendo, chilembo A chili pachitupa. M'zaka zomwezo Robert Mugabe ananyoza pamsonkhano anthu ochokera kunja kuti ndi opanda mutupo, kutanthauza opanda mfunda. Ankanena zimenezi za a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Mbewe.

Minda inayenera kugawidwa, zimenezo sinditsutsa. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linapatsa azungu ochepa pafupifupi theka la dziko, ndipo zimenezo sizikanakhala mpaka muyaya. Funso langa ndi lakuti amene anailima mindayo anapeza chiyani. Lipoti limene Lloyd Sachikonye analemba mu 2003 linapeza kuti mwa antchito a m'mafamu oposa 300,000, pafupifupi 200,000 anali atataya ntchito, ndipo amene anapatsidwako malo sanafike asanu pa anthu 100 alionse. Mzungu anapita ku Harare, ku Zambia kapena ku Australia. Mshona wa pafamu anali ndi kumudzi kothawira. Ife tinatsala m'komboni, pamalo amene tsopano ndi a munthu wina, ndipo lendi yake ndi kumugwirira ntchito pamtengo umene iye wanena.

Apa ndi pamene nkhani ya mafilimu ikulowera, ndipo sindinaifune ndine. Gulu lathu la othamanga lili ndi tsamba la WhatsApp, ndipo mnyamata wina wa ku Harare, wamtima wabwino ndithu, anadzipereka kujambula kanema wamfupi wothandiza kusonkhetsa ndalama. Atafika m'komboni anapempha kuti timupezere gogo wokalamba kwambiri, akhale pakhomo la nyumba yong'ambika kwambiri, ndipo ngati angagwetse msozi zingathandize. Azakhali anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kundiuza kuti: "Mwanawe, uuze mlendo wakoyu kuti ndinalira kale pamaliro a amuna anga. Ngati akufuna nkhani, akhale pansi ndimuuze amene anatiotchera nyumba." Mnyamatayo anati zimenezo ndi ndale, opereka ndalama sazikonda. Sanalakwe. Ankadziwa msika wake.

Msika umenewo ndinauona bwino nditaonera Mugabe and the White African, filimu ya Lucy Bailey ndi Andrew Thompson ya mu 2009. Ikunena za Mike Campbell ndi mkamwini wake Ben Freeth a pa famu ya Mount Carmel ku Chegutu, m'chigawo chathu chomwechi, amene anakasumira boma ku khoti la SADC ku Windhoek n'kupambana mu Novembala 2008. Anthuwa anabedwa n'kumenyedwa koopsa mu Juni 2008, nyumba zawo zinaotchedwa mu 2009, ndipo Campbell anamwalira mu 2011. Zimene anawachitira ndi nkhanza, ndipo palibe munthu wanzeru angaziikire kumbuyo. Filimuyo inalandira mphotho ya British Independent Film Awards, inapikisana nawo pa BAFTA, ndipo inalowa m'gulu la mafilimu 15 amene ankaganiziridwa pa Oscar. Antchito a pafamupo akuonekamo, inde. Koma akuoneka monga mmene tinkaonekera pazithunzi za adona: pambali, kumbuyo, tikukumbatiridwa, ngati umboni wakuti bwana anali munthu wabwino. Funso lakuti antchitowo anachokera kuti, ankalandira zingati, ali ndi zitupa kapena ayi, ndi kuti akagona kuti famu ikapita, silimene filimuyo inapangidwira.

Chaka chomwecho cha 2009 bungwe la antchito a m'mafamu la GAPWUZ linatulutsa filimu yake, House of Justice, mmene antchito akufotokoza ndi pakamwa pawo za kumenyedwa ndi kuthamangitsidwa. Mphotho imene mlembi wamkulu wa bungwelo, Gertrude Hambira, analandira inali kufunsidwa mafunso ndi achitetezo, ndipo mu Febuluwale 2010 anathawa m'dziko. Funsani anthu khumi okonda mafilimu ku London kapena ku Johannesburg kuti pa ziwirizi anamvapo iti. Palinso yachitatu, Democrats ya Camilla Nielsson wa ku Denmark, yotsatira Paul Mangwana ndi Douglas Mwonzora pamene ankatsogolera ntchito yolemba malamulo atsopano oyendetsera dziko. Inapambana ku Tribeca ku New York mu 2015. Ndi filimu yabwino. Chimene chimandiwawa n'chakuti nkhani ya malamulo amenewo inafika ku New York m'zaka ziwiri, pamene malamulo enieniwo patha zaka zoposa khumi asanafike pakhomo la azakhali, mtunda wa maola awiri kuchokera ku Harare.

Malamulo a 2013 amenewo ndi omveka, ndipo aliyense wa ife ayenera kuwadziwa ngati Atate Wathu. Ndime 43 imati munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kholo lake limodzi kapena onse ali nzika za dziko la mu SADC, ndipo iye akukhala mu Zimbabwe, ndi nzika mwa kubadwa. Ndime 35 imati nzika ili ndi ufulu wolandira pasipoti, chikalata cha kubadwa ndi zitupa zina. Ndime 81 imati mwana apatsidwe chikalata cha kubadwa mosachedwa. Ndime 6 imatchula zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko muno, ndipo choyamba pamndandanda ndi Chichewa. Chilankhulo cha azakhali chili m'malamulo a dziko, mwini chilankhulo mulibe. Bungwe la boma lomwe loona za ufulu wa anthu, Zimbabwe Human Rights Commission, linafufuza vuto la mapepalali m'dziko lonse n'kutulutsa lipoti mu 2020. Mu Epulo 2021 Amnesty International inatulutsa lake, n'kutchula chiwerengero cha UNHCR chakuti anthu pafupifupi 300,000 ali pachiopsezo chokhala opanda dziko, kuphatikizapo ana a anthu amene anaphedwa pa Gukurahundi ku Matabeleland, amene nawonso alibe zikalata za imfa ya makolo awo. Palibe mkulu wa boma anganene kuti sanamve.

Tsono tiyeni ku maulendo, poti othamanga amakonda kukamba za maulendo kuposa za kuthamanga. Pagulu lathu wina akusunga ndalama za Two Oceans ku Cape Town, wina akulota Comrades ya pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, imene mnzathu wa m'dziko muno Stephen Muzhingi anapambana katatu motsatizana kuyambira 2009 mpaka 2011. Amakambirana za mitengo ya ndege ndi malo ogona. Nanenso ndili ndi ulendo wanga. Ndinalonjeza azakhali kuti ndikamaliza marathoni ndidzapita nawo ku Dedza akaone mudzi wa bambo awo asanatseke maso. Njira ndinailoweza: basi kuchokera ku Harare mpaka ku Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kukwera mapiri a Angonia, kulowa Malawi pachipata cha Dedza. Ndi ulendo wa tsiku limodzi. Agogo anauyenda popanda nsapato, ndipo panalibe anawaletsa, chifukwa nthawi imeneyo mikono yawo inkafunika. Mwana wawo sangauyende chobwerera. Pasipoti imafuna chitupa, chitupa chimafuna chikalata cha kubadwa, ndipo mtengo wa pasipotiyo umaposa malipiro a mwezi wathunthu a munthu wa mu fodya.

Njira ya marathoni ya ku Victoria Falls imakwera pa mlatho wa 1905 uja wolumikiza Zimbabwe ndi Zambia. Othamanga amaponda mbali ya Zambia pang'ono n'kutembenuka, ndipo palibe amaimitsa munthu pakati pa liwiro kuti aonetse mapepala. Alendo ochokera kutali amajambulitsa pamenepo, utsi wa mathithi uli kumbuyo. Ine ndikadzafika pamlathopo, nambala ili pachifuwa, ndidzakhala nditadutsa malire amene azakhali sangadutse, m'dzina lothandiza azakhali omwewo. Zimenezi ndimaziganizira Loweruka lililonse pamtunda wautali, makamaka ndikadutsa makilomita 28, pamene miyendo imasanduka mitengo ndipo mutu umayamba kunena zoona.

Ena andiuza kuti ndisiye kudandaula, chifundo chimathandiza, mwana mmodzi akapeza pepala ndiye kuti zatheka. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake sindinasiye kuthamanga. Koma chifundo chili ndi khalidwe loipa limodzi: chimasandutsa ngongole kukhala mphatso. Munthu amene akanayenera kugogoda pawindo n'kunena kuti ndipatseni changa amaphunzira kuwomba m'manja n'kunena zikomo. Amene ali ndi ngongoleyo amapeza mpumulo, poti pali aphunzitsi ena openga amene akuthamangira. Ndipo chifundo chimasankha. Chimakonda mwana waliwiro, wankhope yowala, amene nkhani yake imakoma pa Facebook. Mchimwene wake wa mtsikanayu sathamanga, sakhoza m'kalasi, ndipo amachita chibwibwi. Nayenso ndi nzika mwa kubadwa. Ndani adzamuthamangire?

Ena akuti boma linayesa, linatumiza magulu olembetsa anthu m'midzi kuyambira Epulo mpaka Sepitembala 2022. Linatumizadi, ndipo anthu ambiri anathandizidwa, a m'mafamu ena omwe. Koma kalembera wotere amabwera chisankho chikayandikira, amakhala masiku owerengeka pamalo amodzi, ndipo amathandiza msanga amene mapepala awo ndi osavuta. Amene nkhani yake imafuna mboni za mibadwo itatu amauzidwa kuti apite ku ofesi yaikulu, kumene kuli basi ija. Ana sabadwa chaka cha chisankho chokha.

Ena, ndipo awa amanena motsitsa mawu, akuti anthu a m'komboni anali kumbali ya azungu, tsono akolola zimene anafesa. Munthu amene nyumba yake, sukulu ya mwana wake, madzi ake akumwa ndi manda a bambo ake zonse zili pamalo a munthu mmodzi sakhala kumbali ya munthuyo. Amakhala m'manja mwake. Boma la Zimbabwe linadziwa zimenezi kwa zaka 20 chilandirire ufulu, ndipo linasiya anthu a m'mafamu m'manja mwa mabwana chifukwa fodya ankabweretsa ndalama zakunja. Mu Julayi 2020 boma lomweli linasainirana ndi alimi achizungu pangano lowalipira madola 3.5 biliyoni a ku America chifukwa cha zimene anamanga pamafamu: nyumba, madamu, mabalani. Kaya ndalamazo zidzaperekedwa zonse kapena ayi, panapezeka tebulo, mipando ndi cholembera. Amene anaumba njerwa za mabalaniwo sanaitanidwe.

Nawonso a kwathu ku Malawi asaganize kuti ndawaiwala. Kwa zaka zambiri ndalama za matchona zinkalipira misonkho, kugula malata ndi kuphunzitsa ana ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi. Lero mdzukulu wa mtchona akafika kumudzi amafunsidwa kuti amfumu ako ndani, ndipo Chichewa chake chikamveka Chishona amasekedwa kuti ndi Mzimbabwe. Kuno Mbhurandaya, uko Mzimbabwe. Atsogoleri a mayiko awiriwa akakumana amatchulana abale ndipo amakumbutsana za Federation imene inatimanga pamodzi kuyambira 1953 mpaka 1963. Ubale umenewo ukanayamba ndi kukhala pansi n'kugwirizana kuti munthu aliyense wobadwira m'komboni akhale ndi dziko limodzi lomuvomera papepala.

Zimene ndikupempha sizifuna marathoni. Olembetsa anthu azifika m'makomboni chaka chilichonse, pa masiku odziwika, m'miyezi imene ntchito ya fodya yachepa. Umboni wa kaundula wa sukulu, buku la ubatizo, khadi la sikelo, mabuku akale a malipiro a pafamu ndi mawu a akuluakulu a mpingo kapena a mzikiti uzilandiridwa pamene makolo anamwalira opanda mapepala. Chitupa cha chilembo A cha munthu wobadwira muno chizisinthidwa pompo, popanda kulipira. Lamulo la unzika la 1984 ligwirizane ndi malamulo a 2013, kuti kalaliki wa pawindo asamakhale ndi mabuku awiri otsutsana n'kusankha lomukomera. Zimbabwe isaine pangano la United Nations la 1961 lochepetsa chiwerengero cha anthu opanda dziko. Kwa anzanga ojambula mafilimu pempho ndi limodzi: mukabwera m'komboni, bwerani ndi nthawi yomvera, ndipo gogo akafuna kutchula zimene zinachitika mu 2002 ndi mu 2008 musazimitse kamera. Kwa amene mwalonjeza dola pa kilomita, ndalamayo ndilandira ndi manja awiri, koma muwonjezepo kalata kapena foni kwa phungu wa dera lanu yomufunsa kuti ndime 43 idzafika liti m'mafamu. Dola lanu lithandiza banja limodzi. Funsolo likachuluka lithandiza amene sindikuwadziwa.

Pakali pano ndatsala ndi masabata asanu ndi anayi. Chikhadabo cha chala chachikulu chada ndipo chikufuna kuchoka. Fodya anatha kuthyoledwa, azimayi aja tsopano ali m'mashedi kusankha masamba, ndipo m'mawa kwayamba kuzizira moti ndimathamanga nditavala chipewa. Loweruka mtsikana uja amandidikira pamphambano ya kudamu kuti tithamangire limodzi makilomita asanu omaliza, iye wopanda nsapato. Amayamba pambali panga mwaulemu, kenako amatopa nako kundidikira. "Amalume, ndikakupezani kunyumba," amatero, n'kundisiya m'fumbi. Chaka chamawa ali mu Giredi 7, chaka chomaliza cha pulayimale, chaka cha mayeso, ndipo mipikisano ya masukulu idzayamba mu Febuluwale monga mwa nthawi zonse. Kaya ndidzamaliza makilomita 42 kapena adzanditola panjira, sabata yotsatira tidzakwera basi ulendo wachitatu, ine, azakhali, mwana wawo ndi mboni ziwiri. Ulendo uno ndatenga buku la malamulo a dziko, ndipo tsamba la ndime 43 ndalipinda kale.